Apolisi akathamangitsa mwana wa pa njinga yamoto, ngozi ikachitika ayankhe ndani?

[Chithunzi: msewu wa M1 pa Nchalo masana, njinga zamoto za kabaza zitandanda pamthunzi.]

Owonera athu, aliyense amene anayendapo kuchokera pa Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka kukafika ku Nsanje, akudziwa kuti njinga yamoto yasanduka miyendo ya anthu a m'chigwa cha Shire. Imanyamula odwala, matumba a thonje, nsomba ndi ana a sukulu, ndipo pamene anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadula misewu ndi milatho, njinga ndi zomwe zinkadutsa m'malo amene galimoto zinkabwerera. Koma mukayang'anitsitsa nkhope za oyendetsa, mudzaona kuti ena mwa iwo ndi ana, a zaka 13 kapena 14, amene njinga ikaima amachita kupendekera mbali imodzi kuti chala cha phazi chikhudze pansi.

Tangoganizani za mnyamata wotero. Wavala patapata, kumutu alibe chipewa chodzitetezera, kumbuyo wamangirira thumba la chimanga chopita kuchigayo, ndipo pamwamba pa thumbalo pakhala mlongo wake wamng'ono atagwira malaya a mchimwene wake ndi manja onse awiri. Akutulukira pakona, akuona zovala zonyezimira za apolisi apamsewu ndi dzanja lomuimika. Mumtima mwake simukubwera lamulo lililonse ayi, mukubwera nkhope ya bambo ake kapena ya bwana mwini njingayo, ndi mawu amene anamuuza m'mawa akuti njinga ikagwidwa asabwere pakhomo. Akukhotera m'kanjira kafumbi, akuwonjezera moto. Kuyambira pamenepo, chimene chichitike chili m'manja mwa munthu wamkulu amene watsala pamsewu uja, chifukwa ndiye ayenera kusankha kumulondola kapena kumuleka.

Tinene poyera kuti wapolisi amene waimika mwanayo sanalakwe. Lamulo la zapamsewu la 1997 limafuna kuti woyendetsa akhale ndi chiphaso chochokera ku nthambi yoona zapamsewu, njinga ikhale yolembetsedwa ndi ya inshuwalansi, ndipo okwera avale zipewa. Mwana wa zaka 13 sangapatsidwe chiphaso, ndipo akasiyidwa kuti aziyenda motero akhoza kugunda mayi wonyamula nkhuni kapena kulowa kunsi kwa lole ya nzimbe. Pa zoti aimitsidwe palibe mtsutso. Mtsutso uli pa zoyenera kuchita iye akakana kuima.

[Chithunzi: njira yamchenga, ng'ombe zikuwoloka, ngolo ikubwera kutsogolo.]

Njinga ikamathamanga makilomita 60 pa ola, imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Munthu wothamangitsidwa amacheuka kaya afune kaya asafune, ndipo kucheuka kamodzi kokha kukutanthauza kuti wayenda mtunda wonsewo osaona kutsogolo. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse njinga umawirikiza kanayi, ndipo pamchenga wa kwathu kuno tayala lakutsogolo limangoserereka. Onjezerani mbuzi, ng'ombe, ngalande za madzi a m'minda ya nzimbe ndi maenje amene madzi osefukira anasiya, kenako muike pamenepo mwana amene manja ake alibe mphamvu zogwira chiwongolero chikayamba kugwedezeka. Wapolisi akamuyandikira, mwanayo saganiza zoima, amangowonjezera liwiro, kotero kuti ngozi imene lamulo linkafuna kupewa imayamba kupangidwa ndi kuthamangitsako.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sanatanthauze kuti khosweyo ndi wosalakwa, koma kuti mkhate ndi wamtengo wapatali kuposa iye. Kuyendetsa popanda chiphaso ndi mlandu wa chindapusa, pamene mutu wa mwana ukamenyetseka pansi palibe ndalama imene ingaubwezeretse. Ndipo kumbukirani kutalika kwa chithandizo: wovulala mutu kwambiri ku Nsanje amayenera kutumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 180, wokwera mapiri a Thabwa, maola amene ubongo wotupa sungadikire.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti kuno kwathu kuthamangitsa mwana n'kosafunika n'komwe. Iyi si London kumene woyendetsa wobisa nkhope amazimirira pakati pa anthu mamiliyoni. Pa siteji iliyonse ya kabaza pali wapampando amene amadziwa njinga iliyonse ndi mwini wake, nyakwawa imadziwa ana a m'mudzi mwake, ndipo komiti ya chitetezo cha m'mudzi ikhoza kuloza khomo lenileni dzuwa lisanalowe. N'zoona kuti njinga zambiri, makamaka zolowa kuchokera ku Mozambique, zimayenda zopanda nambala, koma njinga yopanda nambala si njinga yopanda mwini. Mlandu suwola. Mawa m'mawa wapolisi akhoza kupita pakhomopo modekha, n'kukumana ndi munthu amene anapereka kiyi, poti lamulo lomweli limaletsanso mwini galimoto kapena njinga kulola munthu wopanda chiphaso kuyendetsa. Munthu wamkulu amene amatuma mwana kabaza kuti madzulo alandire ndalama, ndiye woyenera kumva kulemera kwa lamulo, osati mwana amene akungochita zimene wauzidwa.

Maiko ena anaphunzira zimenezi kudzera m'maliro. Pa 22 May 2023, m'dera la Ely mumzinda wa Cardiff ku Wales, anyamata awiri a zaka 15 ndi 16 anafa pa ngozi ya njinga yamagetsi. Usiku womwewo kunabuka zipolowe ndipo galimoto zinatenthedwa. M'mawa mwake mkulu woyang'anira apolisi a m'deralo ananena kuti zoti anyamatawo ankathamangitsidwa zinali mphekesera chabe, koma posakhalitsa kanema wa pa kamera ya nyumba ina anaonetsa galimoto ya apolisi ikutsatira njingayo mphindi zochepa ngoziyo isanachitike. Apolisi anafotokoza kuti pa nthawi yeniyeni ya ngoziyo galimoto yawo inali mumsewu wina, koma anthu anali atasiya kale kuwakhulupirira, ndipo nkhaniyo inapita m'manja mwa bungwe loima palokha lofufuza apolisi la IOPC.

Ku England ndi ku Wales ndondomeko ya kathamangitsidwe ndi yolembedwa ndipo aliyense akhoza kuiwerenga. Wapolisi amene wayamba kulondola galimoto kapena njinga amayenera kudziwitsa a ku ofesi yolumikiza mauthenga, ndipo mkulu wa kumeneko ali ndi mphamvu yolamula kuti asiye. Asanapitirize amayenera kuyeza kukula kwa mlandu, msinkhu wa woyendetsa, mmene msewu ulili, komanso ngati munthuyo akudziwika moti akhoza kugwidwa tsiku lina. Sikuti kumeneko sathamangitsa njinga: mu 2018 apolisi a ku London anaonetsa makanema a galimoto zawo zikugwetsa mbava zolanda mafoni pa njinga zamoto. Koma imeneyo inali milandu ya uchifwamba, ochita zimenezo anali madalaivala ophunzitsidwa mwapadera, ndipo munthu akafa kapena kuvulala kwambiri, nkhaniyo imatumizidwa ku IOPC mokakamizidwa ndi lamulo. Ndikuvomereza kuti ngakhale kuno, njinga imene yanyamula achifwamba a zikwanje ndi nkhani ina. Imene tikukamba lero ndi ya mwana wopanda chiphaso ndi chipewa.

[Chithunzi: chikuto cha buku la malamulo aakulu a dziko la Malawi.]

Malamulo athu sali chete pa mwana. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko limateteza moyo wa munthu aliyense, gawo 23 limati ubwino wa mwana ukhale patsogolo pa chigamulo chilichonse chomukhudza, ndipo kuyambira mu 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limati mwana akagwidwa makolo ake adziwitsidwe, asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo pa milandu ing'onoing'ono akhoza kuwongoleredwa popanda kuzengedwa mlandu monga wamkulu. Ngati lamulo likusamala chotere mwana amene wagwidwa kale, silingalole kuti aphedwe kapena kulumazidwa pofuna kumugwira.

Tsopano tiyerekeze kuti zoipa zachitika, mwana wagwa. Udindo woyamba wa wapolisi ndi kuima, kumuthandiza ndi kumufikitsa kuchipatala, ndipo amene angatembenuze galimoto n'kuchoka ngati sanaone kanthu walakwa kawiri. Pambuyo pake pamabwera vuto limene mabanja ambiri amalidziwa: lipoti la ngozi, limene limafunika kuchipatala, kwa a inshuwalansi ndi kubwalo la milandu, limalembedwa ndi apolisi, mwinanso pa siteshoni yomweyo imene wothamangitsayo amagwirako ntchito. Sindikunena kuti wapolisi aliyense angabise choonadi, koma si bwino kuti munthu alembe yekha mbiri ya mlandu umene ukumukhudza. N'chifukwa chake lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, ngakhale kuti panadutsa zaka pafupifupi 10 lisanayambe kugwira ntchito. Mwa ntchito zake muli kufufuza imfa kapena kuvulala kobwera chifukwa cha zochita za apolisi. Palinso bungwe la Malawi Human Rights Commission, komanso mabwalo a milandu, amene mu 2020 analamula kuti amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene anachitiridwa nkhanza ndi apolisi apatsidwe chipukuta misozi. Banja losauka likhoza kupempha loya ku Legal Aid Bureau.

Komabe mabungwe onsewa amagwira ntchito ndi umboni, ndipo umboni wa panjira yafumbi umafufutika ndi ziboda za ng'ombe tsiku lomwelo. Kuno kulibe makamera a pa nyumba monga ku Cardiff, koma kuli mafoni ndi maso a anthu. Achibale alembe tsiku, nthawi ndi malo enieni, nambala ya galimoto ya apolisi, ndi maina a amene anaona, ajambule njingayo isanachotsedwe pamalopo pamodzi ndi mikwingwirima ya matayala, ndipo asunge buku la kuchipatala. Chinthu chimodzi ndikuchikana kwamtu wa galu: kutentha polisi kapena kugenda apolisi sikubweretsa chilungamo, kumangowonjezera ana ena m'chitokosi ndi kusokoneza umboni womwe ukanathandiza banjalo.

Kwa akuluakulu a polisi m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, pempho langa ndi lakuti ndondomeko ya nthawi yothamangitsa ndi nthawi yosiya iwerengedwe poyera m'Chichewa ndi m'Chisena, pa misonkhano ya chitetezo cha m'mudzi ndi pa masiteji a kabaza, mafumu ndi makolo ali pomwepo. Kuthamangitsa kulikonse kulembedwe m'buku la zochitika pa siteshoni, kunene amene analamula, chifukwa chake, ndi mmene kunathera. Wapolisi amene wasiya kulondola mwana n'kukatsatira nkhaniyo pakhomo la mwini njinga asadzudzulidwe ndi bwana wake kuti wathawitsa wolakwa, ndipo pa msonkhano womwewo apampando a masiteji avomereze pamaso pa onse kuti mwana wosafika msinkhu sadzapatsidwanso malo pa mzere wa njinga zodikira makasitomala.