Bampala yachitsulo pa galimoto yakale: kusintha ndi kufupikitsa osawononga chesisi

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo lino, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu anyamata amene mukuphunzira zowotcherera pa Kasungu pano. Ine ntchito yanga ndi ya magalimoto, ndiye lero ndabwera ndi nkhani ya bampala, chitsulo chija chakutsogolo ndi kumbuyo chomwe ambiri timangochiwona ngati chokongoletsa basi.

Kuno magalimoto akale adakalipo ambiri, ma Hilux akale, Peugeot 504, ndi ka Nissan 1400 kaja kamene ku Joni anakapanga kuchokera 1971 mpaka 2008, nyengo ya fodya mumaziwona nokha zikukwera ndi mabelo kupita ku Chinkhoma. Zimenezi bampala yake ndi yachitsulo, osati pulasitiki ngati za masiku ano, ndiye ikapindika kapena dzimbiri likaidya, yatsopano yake yeniyeni kuipeza ndi ntchito. Chimene timachita ndikukagula ya galimoto ina kwa ogulitsa ma sikilapu, ndiye ukabwera nayo upeza kuti yatalika, ikutulukira uku ndi uku ngati nyanga za ng'ombe, kapena mabawuti sakugwirizana ndi mabowo. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa.

Choyamba mumvetse kuti bampala anaipanga kuti izipindika. Ikagunda chinthu, iyoyo ndi mabulaketi ake aja, tizitsulo toigwirizira ku galimoto, ndi zimene zimayenera kufa kuti chesisi, chitsulo chachikulu chapansi chonyamula galimoto yonse, ndi lediyeta zipulumuke. Ndiye munthu akatenga paipi yokhuthala ya pa mjigo kapena chitsulo cha njanji nkuwotcherera pa chesisi penipeni, amati ndalimbitsa galimoto, koma mphamvu yonse ya kugunda kuja imapita ku chesisi, ndipo chesisi ikapotoka matayala amayamba kudya mbali imodzi, galimoto kumayenda chammbali ngati nkhanu. Chaka china anandibweretsera pikapu yotero, mwini wake anagunda chitsa pang'ono chabe kumunda, bampala ili bwinobwino osapindika olo pang'ono koma chesisi itakhota, ndalama imene analipira kuwongola inaposa ya mabampala angapo. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi anthu apamsewu. M1 yathuyi yadzadza akabaza, ana asukulu, amayi osenza katundu, chitsulo chosapindika chikagunda mwendo wa munthu fupa limaphwanyikiratu. Chonde bampala izimangidwa ndi mabawuti pa mabulaketi, osaiwotcherera ku chesisi.

Tsopano kufupikitsa kuli pawiri. Pali kuchepetsa utali wake kuchokera kumanzere kufika kumanja, ndiye pali kuibweza kuti iyandikire bodi ikakhala kuti yatsogola kwambiri.

Tiyambe ndi utali. Anyamata ambiri amathamangira kudula kumapeto chifukwa nkosavuta, ayi musatero, kumapeto kuja kuli kona yopindidwa bwino yozungulira bodi, mukadula pamatsala mpeni weniweni wong'amba munthu akadutsa pafupi. Mudule pakati. Yezani galimoto ndi tepi, mupeze pakati penipeni pa bampala, mulembe ndi choko. Tiyerekeze bampala mwagula ndi 160 cm ndipo galimoto ikufuna 150 cm, ndiye kuti mukuchotsa 10 cm, 5 mbali iyi ya mzere 5 mbali inayo, osati zonse mbali imodzi chifukwa idzapendekeka. Ubwino wa pakati ndi woti nambala puleti imabisa chipsera. Koma ngati bampalayo ili ndi msonga pakati kapena mabowo a magetsi, siyani pakatipo, muchotse tizidutswa tiwiri tofanana uku ndi uku. Yezani kawiri katatu, mwamva eti? chitsulo ukadula sichimera.

Musanayatse makina, palani chrome chija ndi gulayinda, chala chimodzi kapena ziwiri kuchokera pomwe mwadula, mpaka chitsulo chenicheni chiwoneke. Kunyezimira kuja ndi nickel ndi chrome zomwe anakutira pamwamba, mukawotcha zilipo utsi wake ndi poyizoni, umawononga mapapo pang'onopang'ono. Chitsulo cha galvanised nachonso utsi wake umadwalitsa, usiku umamva kuphwanya thupi ngati malungo. Gwirani ntchito panja pamphepo, valani chotchinga kumaso chenicheni, magalasi adzuwa aja si chitetezo, ndawona anyamata akulira maso usiku wonse ngati athiridwa mchenga.

Powotcherera, bampala ndi chitsulo chopyapyala, ndiye rodi yowotcherera ya 2.5 mm ikwanira ndipo moto ukhale wotsika, mukakweza mubowola. Ikani zidutswa ziwirizo pamalo osalala, muzipane pa angle iron yowongoka, mudonthetse timadontho kaye, kenako mukayese pa galimoto musanamalize. Mukakhutira ndi pomwe muziwotcha pang'ono, kusiya kuti izizire, pang'ono, kusiya, mukapanga kamodzinkamodzi kutentha kumaikoka nkupindika ngati uta. Kumbuyo kwake ikani kachitsulo kena kolumikiza mbali zonse ziwiri. Mukatha palani, pakani red oxide, penti yofiira yoteteza ku dzimbiri, mkati ndi kunja, chifukwa dzimbiri limayambira mkati momwe mumakhala matope a dzinja, kenako penti. Chrome chomwe chapsa sichibwerera, ambiri amangopaka yonse yakuda kapena ya siliva ndipo imawoneka bwino ndithu.

Kuibweza mmbuyo nkosavutirapo, mumabowola mabowo atsopano pa bulaketi kapena kupanga mabulaketi ena afupiafupi ndi flat bar yokhuthala ngati yakale ija, osapitirira. Koma siyani mpata, dzanja lizilowa pakati pa bampala ndi bodi, mukaigundiza ndiye kuti kagundidwe kakang'ono kafika kale pa magetsi ndi lediyeta. Pali magalimoto ena, monga Benz W123 zomwe zinkapita ku America, kumene lamulo la 1973 linkafuna bampala yopirira kugunda pa 8 km pa ola, zimenezo zili ndi mabampala aatali okhala pa timashoko. Anthu amabowola kashokoko kuti akakankhire mkati, koma mkatimo muli mafuta opanikizika amene amathovokera kumaso, ndipo kakabowoledwa sikagwiranso ntchito yake. Kuno nzosowa, koma mukakumana nayo musabowole mwachisawawa.

Amayi ena pano afunsa ngati angaike bampala yachitsulo pa galimoto yawo yaing'ono ya ku Japan. Mayi, ngati ili ndi airbag, thumba la mpweya lija loteteza munthu pangozi, musaikepo bampala yachitsulo, ma sensa ake anawachunira bampala yomwe inabwera nayo, mukasintha airbag itha kuphulika mochedwa kapena pomwe siyikufunika. Zomwe ndikunenazi ndi za magalimoto akale okha.

China, mukamawotcha chilichonse chili pa galimoto chotsani waya wa batire, ndipo kumbuyo samalani thanki ya petulo, bwino kumasula bampala nkukagwirira patali. Mabawuti akale akakana athireni oyilo madzulo mudzamasule mmawa, ndipo pobwezera gulani olimba olembedwa 8.8 pamutu, muike ndi mawashala. Nambala puleti iziwoneka, ma indiketa asabisike, chifukwa ku COF, koyezetsa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, amayang'ana zimenezo ndipo apolisi apamsewu nawonso sakusiyani.

Pikapu ili pansi pa mtengo apo mwini wake watilola kuti tiphunzirirepo, bampala yake yatalika mbali zonse. Anyamata awiri abwere ndi tepi ndi choko, wina atenge sipanala 17 ndi 19 mu bokosi langa, tiyambe ndi kupeza pakati.