Makalata a Omvera: Tess Anafa ndi Tsoka Kodi?

Takulandiraninso omvera m'pologalamu yathu ya mabuku. Makalata abwera ambiri sabata ino, ndipo pafupifupi onse akukamba za Tess, mtsikana wa m'buku la Thomas Hardy la 1891 lija, Tess of the d'Urbervilles, lomwe tinamaliza sabata yatha.

Achimwene a ku Dedza mukufunsa ngati Tess analikodi. Ayi, ndi nkhani yopeka, koma miyala ya Stonehenge pomwe apolisi anamugwirira ilipo mpaka lero ku England. Mayi a ku Chipata mwati tibwereze gawo lomaliza chifukwa batire linakutherani. Ndawauza akuluakulu, tiyeni tizipemphera.

Tsopano kalata imene yandisowetsa tulo. Bambo wina wa ku Balaka walemba kuti: "Musamuikire kumbuyo mtsikanayu. Anabadwa ndi tsoka, komanso akanadzisunga sakananyongedwa."

Bambo, zikomo polemba, koma apa ndiye tasiyana. Tsokalo linayambira pati? Bambo ake, John Durbeyfield, atamva kwa m'busa kuti ndi mbadwa ya banja lakale la d'Urberville, anakasangalalira ku mowa, n'kulephera kudzuka kuti apite ndi ming'oma ya njuchi kumsika. Tess ndiye ananyamuka usiku, tulo tinamugwira pa ngolo, hatchi yawo Prince n'kugundana ndi ngolo ya makalata, kufera pomwepo. Hatchi imodziyo ndiyo inkadyetsa banja lonse. N'chifukwa chake amayi ake anamukankhira ku Trantridge kuti akadzinenere chibale kwa anthu olemera. Chibale chakenso chabodza, poti bambo a Alec, mnyamata wa m'banja lolemeralo, dzinalo anangolitola atalemera pa malonda. Mwana wa zaka 16 uja anakathera pa ntchito yoweta nkhuku, malipiro ake ali m'manja mwa banja la mnyamata amene ankamusowetsa mtendere. Akanadzisunga bwanji, bambo? Alec atamuchita chipongwe m'nkhalango, Tess anabwerera kwawo n'kufunsa amayi ake chifukwa chimene sanamuchenjezere za amuna.

Mwana anabadwa, n'kudwala. Bambo ake a Tess anakhoma chitseko kuti m'busa asalowe kudzaona manyazi a pakhomo, moti anamubatiza yekha usiku, abale ake aang'ono atagwada, namutcha Sorrow. M'busa anakana kuyendetsa mwambo wa maliro, ndipo khandalo analikwirira ku kona ya manda.

Koma amene amandipsetsa mtima ine ndi Angel Clare, mwana wa m'busa, wophunzira bwino, wolankhula mokoma. Usiku wa ukwati anaulula yekha kuti anakhalapo ndi mkazi wina ku London. Tess anamukhululukira nthawi yomweyo. Tess ataulula zake, zomwenso sanazifune, mwamuna ananyamuka ulendo wa ku Brazil. Musaganize kuti Angel anali yekha m'maganizo amenewa. Lamulo la ku England la 1857 linkalola mwamuna kuthetsa banja chifukwa cha chigololo cha mkazi basi, pamene mkazi ankafunika kuonjezera mlandu wina monga nkhanza. Lamulolo analifananitsa kwa mwamuna ndi mkazi mu 1923.

Tess anakavutika ndi ganyu ya m'chisanu ku Flintcomb-Ash. Kenako bambo ake anamwalira, ndipo popeza pangano la nyumba linkathera pa moyo wawo, banja linathamangitsidwa. Anayala bedi panja pa tchalitchi cha ku Kingsbere, pafupi ndi manda a makolo awo otchuka aja. Wobwera ndi thandizo anali Alec yekhayekha. Zoti Tess anadzapha Alec pambuyo pake sindikuzivomereza, ayi. Koma pofika tsiku limene mbendera yakuda inakwera pa ndende ya Wintoncester, manja omwe anamufikitsapo anali ambiri, ndipo khoti linaona ake okha.

Pepani, ndilalikire pang'ono, poti si bambo a ku Balaka okha. Makalata odzudzula Tess ndawerenga ochuluka, koma wofunsa za Alec kapena Angel palibe. Ena mwalemba kuti anali wachimasomaso, ena kuti ankakonda ndalama. Ndi mmene timachitira mtsikana akatenga mimba m'mudzi muno: aliyense amadziwa chimene anavala ndi nthawi imene anabwera kunyumba, koma dzina la mwamunayo timalinong'ona ngati la mfiti. Hardy mwiniwake anamutcha mkazi woyera pa tsamba la mutu wa buku, ndipo anthu a nthawi yake anamukalipira chifukwa cha zimenezo. Bambo, lembaninso, musakwiye, ine ndilibe hatchi yoti ndithawirepo.

Mphunzitsi wa ku Mzimba mwapempha buku lina la Hardy, Jude the Obscure la 1895, poganiza kuti mwina limatha bwino. Aphunzitsi, konzani mipango iwiri. Tiliyamba sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino.