Augustine ndi Mabuku Amene Anamufikitsa kwa Paulo

Mawu a m'mawa uno: 2 Timoteo 4:13 ndi Aroma 13:13-14

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye?

Mtumwi Paulo ali m'ndende ndipo akudziwa kuti imfa yayandikira, pakuti walemba kale kuti nthawi ya kuchoka kwake yafika. Pomaliza kalata akupempha Timoteo kuti pobwera atenge chofunda chimene anachisiya ku Trowa kwa Karpo, atengenso mabuku, makamaka zikopa zolembedwa zija. Za chofunda n'zomveka, chifukwa nyengo yozizira inali pafupi. Koma mabuku! Munthu amene anakumana ndi Yesu pa njira ya ku Damasiko, amene makalata ake timawawerenga lero ngati Mawu a Mulungu, akufunabe kuwerenga ali m'maunyolo.

Paulo yemweyu ankadziwa zolemba za anthu osapembedza Mulungu wa Israele. Polalikira ku Atene, pa Machitidwe 17:28, anatchula mawu a mlakatuli wa Chigiriki, Aratus, akuti ifenso tili mbadwa zake. Danieli ndi anzake anaphunzira mabuku a Akasidi ku Babulo, ndipo Malemba akuti Mulungu ndiye anawapatsa nzeru za mabukuwo. Komabe m'mipingo mwathu alipo abale okonda Mulungu amene amaopa buku lililonse losakhala Baibulo. Mwana wa ku sekondale akabwera ndi Macbeth, kholo n'kuona kuti sewerolo likuyamba ndi afiti, mtima phaa, mwina n'kulitaya ndithu. Mantha amenewa sindikuwanyoza, chifukwa buku likhoza kusokeretsa munthu. Ndikufuna tione munthu mmodzi, Augustine, amene mabuku anamusokeretsa ndipo mabuku omwewo anamubweza.

Augustine anabadwa mu 354 ku Thagaste, kumpoto kwa Africa, dera limene lero lili m'dziko la Algeria. Mayi ake, Monica, anali Mkhristu wa mapemphero, koma mwanayo anakula wokonda ulemu ndi zosangalatsa za thupi. Kusukulu ankawerenga ndakatulo ya Virgil, mlakatuli wa Chiroma, yonena za Dido, mfumukazi ya mzinda wa Carthage kumpoto kwa Africa, imene inadzipha itasiyidwa ndi mwamuna amene inkamukonda. Mnyamatayo ankalira misozi yeniyeni chifukwa cha Dido. Atakula, polemba buku lake la Confessions, anadandaula kwa Mulungu kuti ankalirira mkazi wa m'nthano pamene moyo wake womwe unkafa kutali ndi Mulungu, diso lili gwa. Apa pali phunziro loyamba kwa ife okonda nkhani. Zimatheka kumvera chisoni munthu wa m'buku kapena wa mu filimu mpaka kulephera kudya, koma mkazi wamasiye wa khomo loyandikana nalo osamufunsa n'komwe ngati wagona ndi njala.

Ali ndi zaka pafupifupi 19, akuphunzira luso la kulankhula ku Carthage, anafika pa buku la Cicero lotchedwa Hortensius. Cicero anali Mroma amene anamwalira Yesu asanabadwe, ndipo bukulo linkangolimbikitsa anthu kufunafuna nzeru. Augustine analitenga kuti anole lilime lake, koma linamugwira mtima. Iye mwini akuti bukuli linasintha mapemphero ake, ndipo zinthu zimene ankazithamangira zinayamba kuoneka zachabe. Taganizani, buku la munthu wosadziwa Khristu ndilo linadzutsa njala mwa mwana amene mayi ake ankamulirira usana ndi usiku. Bukulo linatayika kalekale, tangotsala ndi zidutswa zake, zina mwa izo chifukwa Augustine yemweyo anazikopera m'mabuku ake. Chinthu chimodzi chokha chinamuziziritsa: m'bukumo munalibe dzina la Khristu, limene analimva kuyambira ali pa bere.

Ndiye anatsegula Baibulo. Apa mpamene nkhaniyi imandiopsa. Baibulo la Chilatini la masiku amenewo linali lomasuliridwa mosakometsera, ndipo mnyamata wozolowera kalembedwe kosalala ka Cicero analiona ngati lachimidzi. Analitseka. Anakalowa gulu la chipembedzo la otsatira Mani wa ku Perisiya, anthu a pakamwa pokoma amene ankalonjeza kufotokoza chilichonse popanda kufuna chikhulupiriro, ndipo anakhala nawo zaka 9. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Atakumana ndi Faustus, mphunzitsi wawo wotchuka amene anamudikira nthawi yaitali, anapeza kuti mkuluyo ankalankhula bwino koma mayankho analibe.

Ndikuona kuti ngozi ya munthu wowerenga kwambiri ili pamenepa. Siyambira pa afiti a m'sewero. Imayamba tsiku limene uona kuti Marko analemba mophweka kwambiri, kuti ulaliki wa akulu a mpingo a kumudzi sukufika pa msinkhu wako, kuti Masalimo ndi a agogo. Buku linakupatsa njala, koma kunyada kukukaniza chakudya. Izi zimachitika ndi mabuku achikhristu omwe. Ena a ife tili ndi mabuku ambiri a alaliki otchuka, onena za madalitso, za kupambana, za kumasulidwa, ndipo timawatchula mawu ake pamtima, pamene kalata ya kwa Aroma sitinaiwerengepo kuyambira mutu 1 mpaka 16. Wogulitsa mabuku akalemba dzina la Yesu pachikuto sizitanthauza kuti zonse za m'katimo n'zoona. Anthu a ku Bereya anatamandidwa chifukwa ankasanthula Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankanena zinali zoona. Ngati Paulo ankayesedwa chotero, nanga wolemba wa masiku ano ndani kuti asayesedwe?

Mu 384 Augustine anapita ku Milan, mzinda wa ku Italy, kukaphunzitsa. Kumeneko ankapita kukamvera Bishopu Ambrose, osati pofuna kutembenuka, koma kuti aone ngati mkuluyo analidi katswiri pa kulankhula monga anthu ankanenera. Mawu okoma aja polowa m'khutu, choonadi chinalowera limodzi. Anawerenganso mabuku a anzeru otsatira Plato, wanzeru wakale wa Chigiriki, amene anamuthandiza kumvetsa kuti Mulungu ndi mzimu. Powerenga ankayerekeza ndi Uthenga wa Yohane. Akuti m'mabukumo anapezamo zofanana ndi zakuti pachiyambi panali Mawu, koma zakuti Mawu anasandulika thupi nakhala pakati pathu sanazipezemo. Kawerengedwe kameneka ndikufuna tikatengere. Sanataye bukulo chifukwa cha zimene linasowa, sanalimezenso lonse chifukwa cha zimene linali nazo. Pambuyo pake anadzaphunzitsa kuti choonadi chopezeka m'mabuku a akunja chili ngati golide ndi siliva zimene Aisraele anatenga potuluka mu Ejipito: mafano anawasiya, chuma anachinyamula. Tingokumbukira kuti golide anadzaumbidwanso mwana wang'ombe pa phiri la Sinai.

Mu 386 kunyumba kwake kunabwera mlendo, Ponticianus, mnzawo wa ku Africa wogwira ntchito kunyumba ya mfumu. Anatola buku patebulo poganiza kuti ndi la kusukulu, n'kupeza kuti ndi makalata a Paulo. Anakondwa, nayamba kusimba za Antony, Mkhristu wa ku Ejipito amene anagulitsa zake zonse atamva Uthenga Wabwino ukuwerengedwa m'tchalitchi. Anasimbanso za anzake awiri a ntchito ku Trier, mzinda umene lero uli ku Germany, amene anapeza buku la mbiri ya Antony m'kanyumba kena, ndipo atawerenga anasiya ntchito za boma tsiku lomwelo kuti atumikire Mulungu. Augustine akuti pamene mlendoyo ankalankhula, Mulungu ankamutembenuza kuti adzione nkhope yake yomwe. Mlendo atapita, anatembenukira mnzake Alypius mokwiya ndi manyazi: anthu osaphunzira akudzuka n'kulanda kumwamba, ife ndi maphunziro athu tikugubuduka m'matope.

Buku labwino lachikhristu limagwira ntchito imeneyi. Limakuonetsa munthu wa thupi ndi magazi ngati iwe amene anamvera zimene iwe ukuzizengereza. Mbiri za anthu a Mulungu n'zofunika pa chifukwa chimenechi, ndipo ndimadandaula kuti za makolo athu m'chikhulupiriro, aphunzitsi ndi alaliki oyamba a m'midzi mwathu, timaziwerenga pang'ono kwambiri.

Augustine anathawira m'munda wa kuseri kwa nyumba, nagwa pansi pa mtengo wa mkuyu akulira. Anamva mawu ngati a mwana kunyumba yoyandikana akuimba mobwereza kuti tenga, werenga. Anabwerera pamene anasiya buku la Paulo, nalitsegula, ndipo maso ake anagwera pa Aroma 13:13-14, pamene mtumwi akuletsa madyerero ndi kuledzera, chigololo ndi zonyansa, ndewu ndi kaduka, nalamula kuti tivale Ambuye Yesu Khristu, tisaganizire za thupi kuchita zofuna zake. Sanapitirize kuwerenga. Ndi buku lomwe lija analinyoza ali mnyamata ku Carthage. Cicero, otsatira Plato, ulaliki wa Ambrose ndi mbiri ya Antony zonse zinamuperekeza, koma chimene chinadula unyolo ndi mavesi awiri a Paulo. Alypius anawerenga vesi yotsatira, yonena za kulandira wofooka m'chikhulupiriro, nati imeneyo ndi yake, ndipo onse awiri analowa m'nyumba kukauza Monica. Ambrose anawabatiza pa Pasaka wa 387, ndipo Augustine anadzakhala bishopu wa ku Hippo, kwawo ku Africa, mpaka imfa yake mu 430.

Inu makolo amene mwana wanu wabwera ndi Macbeth, muwerenge naye limodzi. Mupeza munthu amene anamvera mawu a afiti, napha mfumu chifukwa chosirira mpando, kenako tulo n'kumuthawa, mkazi wake n'kumasamba m'manja usiku magazi osaoneka. Mukatero mutsegule 1 Samuele 28 muone Sauli ku Endori, mutsegulenso Yakobo 1:14-15, mumufunse mwanayo kuti tchimo linayambira pati. Kucheza kumeneko kudzamuthandiza kuposa kulibisa bukulo.

Tipemphere. Atate, tikupereka kwa Inu ana athu amene akupita kusukulu m'mawa uno ndi mabuku m'zikwama, ndi aphunzitsi amene awatsogolere powerenga. Tikumbukira amayi amene akulirira ana awo monga ankachitira Monica; musawalole kutopa. Tichotsereni kunyada kumene kumatitseketsa Baibulo, ndipo mutipatse nthawi lero yowerenga Aroma 13 mpaka kumapeto. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Mukhale ndi tsiku labwino nonse.