Chimene chimatiyabwa ndalama ikalowa m'thumba

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Anyamata muli pansi pa mtengowo, senderani kuno, nkhaniyi ndi yanunso. Loweruka likudzali mukutsegula bokosi la banki mkhonde n'kugawana za chaka chonse, ndiye a komiti anandipempha kuti tikambeko za ubongo, ndalamayo isanafike m'manja.

Ndiyambe ndi khoswe. Mu 1954, ku yunivesite ya McGill ku Canada, James Olds ndi Peter Milner analowetsa kawaya mu ubongo wa khoswe, m'khola mwake n'kuikamo kachitsulo. Akaponda kachitsuloko, timagetsi tochepa tinkagunda malo ena a mu ubongo. Khoswe uja anangoti ponde, ponde, kambirimbiri osapuma. Ofufuza ena pambuyo pake anaona makoswe anjala akusiya chakudya chili pomwepo n'kumalimbana ndi kachitsulo. Mukuseka, koma enafe timaigwira foni chimodzimodzi nsima ikuzizira.

Pamalo amenewo pamayenda mankhwala amene ubongo umapanga wokha, dzina lake dopamine. Anthu ambiri amati ndi mankhwala a chisangalalo, koma si ndendende. Wofufuza wina, Wolfram Schultz, m'zaka za m'ma 1990, ankapatsa anyani timadzi tozuna. Poyamba dopamine inkatuluka timadzi tikafika pakamwa. Kenako anayamba kuonetsa kaye chizindikiro, timadzi n'kubwera pambuyo. Anyani atazolowera, dopamine inasamuka: inkatuluka pa chizindikiro, pa timadzi zii. Ndiye kuti mankhwalawa ndi a chiyembekezo. Ndi aja amakudzutsa pampando mtima uli dyokodyoko ukangomva fungo la kanyenya, usanalawe n'komwe. Kent Berridge wa ku yunivesite ya Michigan ku America anasonyezanso kuti mu ubongo kufuna chinthu ndi kukoma kwa chinthucho zimayenda njira zosiyana. Munthu atha kufunitsitsa chinthu chimene chinasiya kale kumukomera. Funsani aliyense amene kachasu anamugwira. Akuuzani kuti sakumvanso kukoma, koma dzuwa likapendeka miyendo imapita yokha.

Pali china chimene a Schultz ndi anzawo anapeza mu 2003, ndipo apa mumvetsetse. Nyani akakhala kuti sakudziwa ngati timadzi tibwera kapena ayi, dopamine imakwera nthawi yonse yodikirayo, makamaka mwayi ukakhala theka ndi theka. Kubetcha kunamangidwa pamenepo. Ine ndikuyankhulanetu ndinapsapo. Chaka china ndinabetcha matimu 8 pa tikiti imodzi, 7 anawina, imodzi inandigwetsa m'mphindi zomaliza. Ndinagona ndikuti ndatsala pang'ono. Kutsala pang'onoko ndi kumene kunandidyera ndalama ya matumba awiri a feteleza mwezi umodzi, chifukwa ubongo umakuwerengera ngati wawinako, pamene m'thumba mulibe kanthu. Mayi a kunyumba anadziwira pa chimanga, chitayamba chikasu mu Januwale.

Choipa china n'chakuti ukaugunda ubongo mobwerezabwereza ndi zinthu zamphamvu chonchi, umadziteteza pochepetsa timalo tolandirira dopamine. Zithunzi za ubongo wa anthu omwerekera ndi mowa zimaonetsa zimenezi. Zotsatira zake, zinthu wamba zimasuluka. Nsima ya chambo, macheza a pakhonde, mwana kukuonetsa kope la kusukulu, zonse zimangokhala ngati ndiwo zopanda mchere. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwayi wake, munthu akasiya, ubongo umayamba kubwerera pang'onopang'ono, ngakhale masabata oyamba amawawa kwambiri.

Tsono wina anena kuti, aphunzitsi, ndiye kuti ife osauka ndife osaugwira mtima? Ayi, ndikukana. Ku yunivesite ya Stanford ku America, Walter Mischel ankaika switi patsogolo pa mwana n'kumuuza kuti akadikira alandira ziwiri. Kwa zaka zambiri anthu ankatama ana odikirawo. Koma ku yunivesite ya Rochester, ku America komweko, Celeste Kidd anayamba wanamiza kaye ana ena: anawalonjeza makrayoni atsopano, osabweretsa. Atawaikira switi ija, ana onamizidwawo anadikira pafupifupi mphindi 3 zokha, pamene amene lonjezo lawo linasungidwa anafika mphindi 12. Mwana amene mawa linamunamizapo amadya lero, ndipo si uchitsiru. Ifenso kwacha yatigwera m'manja kangati? Wogulitsa chimanga kwa mavenda mu Meyi pamtengo wolira, n'kudzachigula chodula mu Febuluwale, nthawi zambiri ali ndi fizi kapena wodwala pakhomo.

N'chifukwa chake ine bokosi lanuli ndimalipatsa ulemu. Maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, ndipo silitsegulidwa gulu lisanakhale pansi. Amene anayambitsa njirayi ku Niger mu 1991 sanadalire kulimba mtima kwa munthu mmodzi. Anaika mtunda pakati pa chilakolako ndi ndalama, ndipo chilakolako sichikhalitsa, chimakwera n'kutsika chokha ukachichedwetsa. Bokosili lasunganso lonjezo chaka ndi chaka, ndiye mtima umavomera kudikira. Kwa anyamatawa mtundawo ngofunika koposa, pakuti mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, imene imagwira mabuleki, imamaliza kukhwima munthu akuyandikira zaka 25. Musamangowakalipira, athandizeni kusunga.

Vuto ndi Loweruka madzulo, maloko atachoka. Ogulitsa zitenje ndi mapoto adzakhala atayala kale panjira, amadziwa tsiku lanu kuposa inu. Ndiye ndapempha alembi, mayi aja ali ndi kope apo, kuti lero lomwe aliyense atchule pamaso pa anzake chimene ndalama yake ikagwire: malata angati, mbuzi, fizi ya temu yachiwiri. Patulaniponso kochepa kodyerera, mugule nyama ana asangalale, zimenezo sindikuletsa. Yotsalayo isagone m'nyumba masiku ambiri, ndipo abambo amene mumabetcha pafoni, ndalama imeneyi isalowe m'foni, muwapatsire mayi.

Agogo akwezera dzanja kumbuyoko. Muwapatse mpata, kenako alembi ayambe kuitana mayina.