Musavuule chinangwa chisanafewe

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno ndi Yesaya 43:2 pamodzi ndi Yakobo 1:4. Inu amene mwadzuka mtima uli wolemera, wodwala ali pamphasa, angongole akugogoda, kapena misozi ya maliro isanaume, musadzivuule nokha m'madzi. Dikirani mwini wake.

Kuno ku Nkhotakota ngakhale mwana amadziwa kuti chinangwa chowawa ngati Gomani sachikumba lero n'kudya lero lomwe. Chili ndi poizoni. Timachisenda, n'kuchiviika mumtsuko, m'chidebe kapena padziwe, ndipo madzi amayenera kuchimiza chonse. Chikamayandama amaikapo mwala, chifukwa mbali yotulukira kunja imada, imauma gwa, kuwawa kwake osachoka. Mu Okutobala, kukutentha, masiku 3 amatha kukwana. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukuomba, madzi ali zii, chimafuna masiku 5 ngakhale kupitirira. Ndiye musamawerenge masiku anu poyang'ana a mnzanu. Iye anaviikidwa nyengo ina, inu nyengo ina.

Chimene chimachititsa munthu kuvuula msanga ndi njala, ndipo njala si yoseka nayo. Ana akulira, m'nyumba mulibe ufa, mayi n'kuvuula tsiku lachiwiri pakati pakadali polimba. Nsima ija imaphikika ndithu, imaoneka ngati kondowole weniweni, koma akadya amayamba mutu, chizungulire, kusanza, ndipo ana ndi amene amavutika kwambiri. Ife timachitanso zomwezo mavuto akatipana. Wina athamangira kwa sing'anga usiku, wina atenga katapila kuti abweze katapila mnzake, wina asiya kupemphera ati Mulungu wandiiwala. Tatuluka m'madzi inde, koma kuwawa tatuluka nako, ndipo amene amakudya ndi a m'nyumba mwathu: mawu olasa kwa amuna anu kapena akazi anu, kukalipira ana popanda chifukwa. Abale, izi n'zoona, tisakane. Yakobo akuti chipiriro chimalize ntchito yake. Musavuule.

Sindikunena kuti Mulungu ndi amene anakutumizirani matenda, kapena kuti abale athu a ku Dwangwa amene madzi osefukira anawagwetsera nyumba mu 2024 anali ochimwa kuposa ena. Ayi, mawu otere tisamawalankhule kwa munthu wolira. Ndikunena kuti madzi amene mulimo lero, kaya anabwera bwanji, ali m'manja mwake, ndipo Iye amadziwa kuwagwiritsa ntchito kuti atulutse zimene zikanatipha: kudzidalira, chidani chakale, mantha.

Taonani mayi wodziwa ntchito yake. Saviika n'kuiwala. Akadziwa kuti masiku ayandikira amapita m'mawa uliwonse, kupisa dzanja, kutenga chimodzi n'kuchifinya. Chikafewa mpaka pakati, mtsitsi wapakati uja n'kusololoka mosavuta, tsiku lomwelo amavuula. Sawonjezera, chifukwa akudziwa kuti chikakhalitsa chimasungunuka, kununkha, ufa wake n'kuwawasa, thukuta la chaka chonse n'kupita pachabe. Ngati munthu amasamala chotere chakudya cha banja lake, nanga Atate wanu wakumwamba? Dzanja limene mukumva likukufinyani sabata ino likuona ngati nthawi yakwana. Salola kuti muyesedwe koposa mmene mungathere, 1 Akorinto 10:13 amatero. Ndipo apa Mulungu aposa mayi uja kutalitali: mayi amaima kumtunda, koma Yesaya akuti podutsa m'madzi Iye ali pamodzi ndi inu, momwemo.

Mwina mukuyang'ana anzanu amene moyo wawo ukuoneka wofewa. Ali ngati Manyokola, chinangwa chosawawa chokumba m'mawa n'kumwera tiyi m'mawa womwewo. Asiyeni, musawachitire nsanje. Alimi amadziwa chifukwa chake amabzalabe chowawa: akuba, anyani ndi nguluwe sizichikonda, ndipo ndi chimene chimasunga banja m'miyezi ya njala.

Kuvuulidwa sikutha kwa ntchito. Pali kutsuka, kufinya, kunyenya tizidutswa, kuyanika pathandala mpaka chiume bwino, apo ayi chimachita nkhungu. Kenako mtondo kapena chigayo, ndi sefa. Mukatuluka m'vuto ili n'kukumana ndi lina, musati Mulungu wayambiranso kukuzunzani.

Lero chitani izi. Musanatsegule foni kawiri, gwadani mumuuze Mulungu vuto lanu molitchula dzina, osazungulira. Ngati munakonza zopita kumene mukudziwa kuti sikuyenera, imani kaye, muuze mkulu wa mpingo kapena mayi wa chigwirizano amene mumamukhulupirira. Wodwala mupite naye kuchipatala, pemphero lili pakamwa. Ndipo inu amene muli pamtunda sabata ino, pali mnzanu m'mudzi mwanumo amene ali m'madzi. Mupititseni kambale ka ufa ndi kausipa, mukhale naye pang'ono, musamufunse kuti analakwa chiyani.