Kuthamanga pa Mulanje, kugona pachilumba: kodi ku Sapitwa sapitakodi?

[Kamera ili pa Likhubula, kumbuyo kukuoneka thanthwe la Chambe]

Mukuliona phiri lili kumbuyo kwangali? Sabata yathayi ndalikwera chothamanga, ndagona m'tenti pamwamba pake, kenako ndakaviika miyendo m'nyanja ku Cape Maclear. Pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanjeli, ndafikapo, ndipo ndine ndikuyankhulanu, si mzukwa. Musachoke, nkhani ya mizimu ija ikubwera.

Takulandirani abale anga. Amene mwabwera koyamba, dinani subscribe ndi kabelu kali pambalipo, salipiritsa.

Tiyeni mwachangu. Choyamba, nyengo. Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. M'dzinja miyala imaterera, mitsinje imadzaza mosachenjeza. Chachiwiri, katundu: nsapato zogwira pamwala, juzi, jekete ya mvula, tochi, tenti yopepuka, ufa pang'ono, usipa, mtedza. Basi. Chachitatu, kafikidwe: minibasi ku Limbe mpaka pa Chitakale, kuchoka apo kabaza akakutulani pa Likhubula. Pamenepo mumalembetsa n'kupeza wokuperekezani. Pamwamba pali tinyumba togonamo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo. Alonda ake amakupezerani nkhuni ndi madzi, tenti mumakhoma panja pomwepo.

Wina analemba pa vidiyo yapita ija kuti kuthamanga m'mapiri ndi za azungu. Achimwene, mudabwerapo pa mpikisano wothamanga wa Porters Race? Imachitika mu Julayi, makilomita opitirira 20, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, kutsikira pa Likhubula pompano. Anyamata akuno amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka, ena nsapato zake zakutha kale. Ine njira yomweyo inanditengera tsiku lonse, mawondo akulira.

Chachinayi, ndipo apa khalani pansi bwinobwino: Sapitwa.

Nditangonena za ulendowu, azakhali anga anaimba foni usiku. "Mwanawe, kumeneko sapitako, dzina lokhalo silikukuuza?" Tonse tinakula tikumva zimenezi. Akuti ukapeza nthochi zakupsa kapena chakudya m'njira uzidya wekha osaitana mnzako. Akuti mizimu ikakukonda imakusunga, kwanu sudzaonekanso. Ine miyambo ya makolo sindinyoza, phirili anthu akuno amalilemekeza kuyambira kalekale ndipo inunso mukafika musamachite phokoso lachibwana. Koma zoti aliyense wokwera Sapitwa amasowa, ayi, limenelo ndi bodza. Chaka chilichonse anthu amafika pansonga paja, mamita 3,002, n'kujambulitsa n'kutsika. Operekeza alendo ena akwerapo kambirimbiri moti anasiya kuwerenga.

Mufunsa kuti nanga amene anasowa aja? Zoona, alipo. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anapita yekha osabwerako. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womuperekeza m'munsi, n'kukwera yekha, anamupeza patapita masiku ambiri atafa ndi kuzizira. Mwamva mawu amene abwerezedwa? Yekha.

Mdani weniweni kumtundaku ndi chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza ija imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Imafika ngati wakuba. Ine inandipeza ndikutsika, dzuwa linali phwee, mphindi khumi zokha dzanja langa lomwe sindimaliona bwino. Ndiye dziwani kuti kuchoka pa Chisepo kupita pansonga palibe njira yoti n'kuthamangamo. Ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana, pena mukukwawa pansi pake, pena mukukwera ndi manja, pakati pali maenje akuya. Chokutsogolerani ndi timizere ta penti pamiyala. Nkhungu ikatseka, timizere tija simutiona, mwakhota pang'ono, mwatayika. Tsopano mwavala kabudula ndi kamalaya kothamangira, thukuta lanyowetsa thupi, usiku wa Juni kumagwa chisanu. Munthu akazizidwa kwambiri mutu umasokonekera, amayamba kuyenda mosadziwa kolowera. Akagwera m'mphanga ya miyala, ofufuza akhoza kudutsa pafupi osamuona. Kumudzi nkhani imafika yoti amutenga. Ine tsiku lija, amene anandiperekeza anangoti, "Bwana, khalani pansi, valani juzi, tidikire." Tinakhala ola lathunthu tikutafuna mtedza mpaka kunayera.

Lembani m'munsimu zimene agogo anu ankakuuzani za Sapitwa, ndiziwerenga zonse. Ndipo vidiyoyi itumizeni ku gulu la WhatsApp la kubanja, makamaka kwa azakhali ngati anga aja.

Chachisanu, Zomba. Tsiku limodzi likwana. Njira zake n'zofewa, thamangani mozungulira damu la Mulunguzi, kafikeni pa Chingwe's Hole, gulani zipatso m'mbali mwa msewu, pitirizani ulendo.

Tili pa nambala chani? Chachisanu n'chimodzi, nyanja. Kudzera ku Mangochi, kukhota musanalowe Monkey Bay, mwafika m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear. Dera limeneli lili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1984, choncho pali kandalama kolowera. M'mawa thamangani pamchenga opanda nsapato, asodzi akuyanika usipa, nkhwazi zikulira. Ofuna kugona pachilumba, Domwe ndiye pabwino pokhoma tenti, koma konzeranitu malo ndipo chakudya nyamulani. Wolokani m'mawa, chifukwa miyezi yozizirayi mwera ukauka bwato limavina. Mukabwerako, pakatha masabata angapo kayezetseni likodzo, musachite manyazi.

Ma T-shirt athu aja afika, onani ulalo uli m'munsimu. Sabata yamawa tikukwera Ilala kupita ku Likoma, tenti yomweyi, ndipo ndikuonetsani zimene chiperoni chinachita ku foni yanga.