Posankha yunivesite ya zankhalango, funsani za nkhalango yake

Zikomo makolo, zikomo achinyamata. Mwana akanena kuti akufuna digiri ya zankhalango, ambiri timathamangira kufunsa kuti yunivesite yotchuka ndi iti. Ine ndikuti yambani ndi funso lina: kodi sukuluyo ili ndi nkhalango yakeyake yophunzitsira, ndipo ophunzira amalowamo kangati pa chaka?

Ntchito imeneyi imalowa m'mutu kudzera m'manja. Kunenepa kwa mtengo timapima pa mamita 1.3 kuchokera pansi. Mwana azunguze yekha tepi pathunthu, ndipo pamalo otsetsereka aime kumtunda kwa mtengowo. Akaima kumunsi, muyeso walakwika, ndiye kuti kuwerengera kwa matabwa a munda wonse kwalakwikanso. Pabolodi zimamveka zophweka, koma thukuta ndi mnzere wa mitengo ndi zimene zimaphunzitsa. N'chifukwa chake yunivesite ya Sokoine ku Tanzania ili ndi nkhalango yophunzitsira ku Olmotonyi, m'mbali mwa phiri la Meru pafupi ndi Arusha, ndipo University of British Columbia ku Canada ili ndi yake yotchedwa Malcolm Knapp, ya mahekitala opitirira 5,000.

Funsaninso kuti ndi nkhalango ya mtundu wanji. Pali sukulu zimene mphamvu zake zili pa minda ya paini ndi bulugamu: nazale, mbande, kudulira nthambi, kupatulira mitengo, mpaka kumacheka. Zina zimalimbikira nkhalango zachilengedwe, kumene mtengo ukadulidwa bwino umaphukanso pachitsa, ndipo ntchito yaikulu ndi kuthana ndi moto wolusa komanso kukhala pansi ndi anthu amene amadalira nkhalangoyo pa nkhuni, uchi ndi mankhwala. Zonse ndi zabwino, koma mwana wanu mtima wake uli kuti? Mufunseni, musamusankhire.

Bambo wina pano akufunsa ngati m'digiriyi muli masamu. Inde bambo, alipo ambiri, pamodzi ndi sayansi ya nthaka ndi kujambula mapu pakompyuta, kumene amati GIS. Sukulu yopanda makompyuta okwanira pa zimenezi muiganizire kawiri.

Za nthawi, m'malo ambiri digiriyi ndi ya zaka 3 kapena 4. Ku yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa ndi zaka 4. Onetsetsani kuti digiriyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba m'dzikolo. Kenako pezani munthu amene anamaliza kumeneko posachedwapa, mumufunse kuti ntchito yoyeserera anakaigwirira kuti, ndipo anamupezera malo ndani.